Kupanga chizindikiro chanu mu Haskell, OCaml, Scheme kapena PureScript: njira iti imakomera wowerenga?

Amene anayamba kulemba mapulogalamu ndi C kapena Java amazolowera kuti `+`, `*` ndi `==` ndi katundu wa eni chilankhulo. Anazipanga ndi iwo, malamulo ake anaika ndi iwo, ndipo inu palibe choti muwonjezerepo. Python ndi C++ amakulolani kupatsa ntchito yatsopano zizindikiro zomwe zilipo kale, koma kupanga china chanuchanu ayi. Mukalowa m'zilankhulo za functional programming, zimene pulogalamu imamangidwa polumikiza ma function, mumapeza zina. M'zambiri mwa izo `+` ndi function wamba, kungoti dzina lake ndi chizindikiro ndipo imaima pakati pa zinthu ziwiri m'malo moima patsogolo pake. Mutha kuipereka kwa function ina, mutha kuipatsa dzina lachiwiri, muthanso kupanga inzake.

Ufulu umenewu umabwera ndi funso lake. Kusukulu tinaphunzira BODMAS, ndiye `2 * 10 + 8` sativuta, tonse timayamba ndi kuchulukitsa. Nanga `2 * 10 +% 8`, pamene `+%` ndi chizindikiro chimene mnzanu wapanga dzulo? Chiyambe n'chiti? Compiler, pulogalamu yomasulira code kuti kompyuta iigwiritse ntchito, iyenera kudziwa, ndipo munthu amene adzawerenge mzerewo pakatha chaka ayeneranso kudziwa. Zilankhulo zimene ndikuziyerekeza pano ndikuziyeza ndi muyeso umodzi: wowerenga akakumana ndi chizindikiro chachilendo, yankho akalipeza kuti?

Tiyende ndi chitsanzo chimodzi. Tikufuna `+%` kuti chiziphatikiza maola pa wotchi ya maola 24, kotero kuti 20 koloko kuphatikiza maola 8 itipatse 4 koloko m'mawa, osati 28.

Haskell: mlembi ndiye amalamula

Mu Haskell chizindikiro chimapangidwa mmene chidzagwiritsidwire ntchito:

```
infixl 6 +%
(+%) :: Int -> Int -> Int
a +% b = (a + b) `mod` 24
```

`mod` imapereka chotsala mukagawa, apa ndi 24. Mzere woyambawo ndiwo mutu wa nkhani. Haskell ili ndi milingo khumi, kuyambira 0 mpaka 9, ndipo chizindikiro cha mlingo wokwera chimagwira zinthu zoyandikana nacho chisanatero cha mlingo wotsika. `*` ndi `/` zili pa 7, `+` ndi `-` pa 6, `++` cholumikizira mindandanda pa 5, `==` ndi `<` pa 4, `&&` pa 3, `||` pa 2, `>>=` pa 1, ndipo `$` ili pansi penipeni pa 0. Kuitana function, monga `f x`, kumaposa milingo yonseyi. Mawu oti `infixl` akutanthauza kuti zikandondozana muyambire kumanzere, `infixr` kumanja, pamene `infix` yokha ikutanthauza kuti kundondozana n'koletsedwa. N'chifukwa chake `a == b == c` compiler imakana isanayang'ane n'komwe mitundu ya zinthuzo (ngati ndi nambala, mawu kapena china).

Tsopano fufutani mzere woyamba uja. Pulogalamu iyendabe popanda dandaulo, koma chizindikiro chimene sichinapatsidwe mlingo chimatengedwa ngati `infixl 9`, champhamvu kuposa kuchulukitsa. Ndiye `2 * 10 +% 8` iwerengedwa ngati `2 * (10 +% 8)`, yankho n'kukhala 36, ola limene kulibe pa wotchi. Mukabwezera mzerewo yankho ndi 4. Mbali zonse ndi nambala, choncho mitundu ikugwirizana ndipo palibe chokuchenjezani. Vuto lotere limapweteka chifukwa silichita phokoso.

Zokoma za Haskell n'zambiri ndithu. Mukaika chizindikiro m'mabulaketi chimasanduka function yoima patsogolo, `(+%) 20 8`, ndipo mutha kulemba `foldl (+%) 0 maola` kuti muphatikize maola onse a mu mndandanda. Mukaika dzina wamba pakati pa ma backtick awiri (timizere tating'ono topendekeka) limasanduka chizindikiro, monga `mod` m'chitsanzo chathu. Muthanso kudula chizindikiro mbali imodzi: `(+% 3)` ndi function yowonjezera maola atatu, `(2 *)` ndi yochulukitsa kawiri. Zimenezi zimafupikitsa code mosabisa tanthauzo, ndipo munthu akazizolowera amazisowa kwina konse.

Mtengo wake amalipira wowerenga. Mlingo wa chizindikiro suoneka pa mzere umene mukuwerenga, uli ku fayilo ina, mwinanso mu laibulale ya munthu wina. Tsegulani code yogwiritsa ntchito laibulale ya lens ya Edward Kmett, mupeza `^.`, `.~`, `%~`, `^..` ndi zina zambirimbiri. Zili ndi dongosolo lake labwino, koma mlendo ayenera kufunsa kaye. Amafunsa mu GHCi, malo oyeserapo code ya Haskell, polemba `:info` ndi chizindikirocho, kapena amakachisaka pa Hoogle, tsamba lofufuzirapo za m'malaibulale a Haskell, chifukwa malo ofufuzira wamba pa intaneti sazindikira bwino timizere ndi timadontho totere. Ngakhale mapulogalamu okonza maonekedwe a code amavutika nazo. Ormolu, imodzi mwa mapulogalamu otere, imafunika kudziwa milingo ya zizindikiro za m'malaibulale kuti idule mizere pamalo oyenera, ndipo nthawi zina mumachita kuiuza nokha mu fayilo yapadera.

Standard ML, yomwe malamulo ake analembedwa mu 1990 n'kukonzedwanso mu 1997, imayenda njira yofananayo koma ndi makhalidwe akeake. Mumalemba `infix 6 +%` kapena `infixr`, milingo ndi 0 mpaka 9, koma mukapanda kutchula nambala mlingo umakhala 0, wofooka kwambiri, mosiyana ndi Haskell. Dzina la zilembo lithanso kulengezedwa kukhala chizindikiro, monga `div` ndi `o`. Mukafuna chizindikiro ngati function mumalemba `op +`. Chotopetsa n'chakuti chilengezo cha mlingo sichituluka mu structure (chigawo cha code) imene mwachilembamo, ndiye wogwiritsa ntchito laibulale yanu amayenera kuchilengezanso yekha, ndipo palibe chomuletsa kupereka nambala yosiyana ndi yanu.

OCaml, F# ndi Scala: yankho lili pa nkhope ya chizindikiro

OCaml, yomwe inatuluka ku bungwe la kafukufuku la INRIA ku France mu 1996, inathetsa nkhaniyi mwanjira imene ine ndimaikonda kwambiri. Palibe chilengezo cha mlingo. Chilembo choyamba cha chizindikiro ndicho chimanena zonse.

```
let ( +% ) a b = (a + b) mod 24
```

Poti `+%` chayamba ndi `+`, chimakhala ngati `+` pa mlingo ndi pa mbali yoyambira. `2 * 10 +% 8` itipatsa 4 popanda kuwonjezera kalikonse. Chilembo choyambacho chili ngati mfunda wa munthu: mukangoumva mwadziwa kale abale ake ndi pamene amakhala pabwalo. Zoyamba ndi `**` ndi zamphamvu kwambiri ndipo zimayambira kumanja. Kenaka pamabwera zoyamba ndi `*`, `/` kapena `%`, kenaka `+` ndi `-`, kenaka `@` ndi `^` zoyambira kumanja, ndipo pansi pake pali gulu lalikulu la `=`, `<`, `>`, `|`, `&` ndi `$`. Mndandanda umenewu mumauloweza kamodzi, ndipo umagwira ntchito pa code iliyonse ya OCaml imene mudzawerenge, kaya analemba ndani.

Apa ndi pofunika kuchedwapo, chifukwa lamuloli limasintha kaganizidwe ka mlembi. Kusankha chizindikiro sikukhalanso nkhani ya kukongola. Tiyerekeze mwakonda `%+` m'malo mwa `+%`. Tsopano chili m'banja la kuchulukitsa, ndipo `8 %+ 2 * 10` iwerengedwa kuchokera kumanzere ngati `(8 %+ 2) * 10`, yankho 100. Tiyerekezenso mwasankha `|+|`, chimene anthu ambiri amakonda chifukwa chimaoneka chaudongo. Chayamba ndi `|`, ndiye chili pa mlingo umodzi ndi `=`. Mukalemba `x = a |+| b` pofuna kuyerekeza, OCaml iyamba yayerekeza `x` ndi `a`, kenaka iyese kuphatikiza yankho la zoona kapena zabodza ndi `b`, n'kukana. Zolakwa zotere zilipo ndithu, koma kusiyana kwake ndi Haskell n'kwakuti umboni wonse uli pa mzere womwewo. Munthu wodziwa lamulo aziona ndi maso osatsegula fayilo ina.

Lamulo lomweli ndilo limachititsa kuti `|>` igwire ntchito bwino. Chizindikirochi chimatenga chinthu cha kumanzere n'kuchipereka kwa function ya kumanja, kotero kuti code imawerengeka motsatira mmene ntchito ikuyendera: `maola |> List.filter ... |> List.map ...`. Chinayamba kuoneka mu code ya Isabelle, pulogalamu yotsimikizira maumboni a masamu, mu 1994, chinatchuka ndi F# ya Don Syme ku Microsoft Research, ndipo OCaml inachiika mu laibulale yake yaikulu pa 4.01 mu 2013 pamodzi ndi `@@`. Tanthauzo lake lonse ndi mzere umodzi, `let ( |> ) x f = f x`. Poti chayamba ndi `|`, ndi chofooka ndipo chimayambira kumanzere, zomwe ndi zofunika ndendende pa ntchito yake. Mu F# chili ndi phindu lina lowonjezera: compiler imazindikira mitundu ya zinthu kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye chinthu chikatsogola, function yotsatira imadziwa kale chimene ikulandira.

Kamsampha kamodzi ka OCaml kamagwira pafupifupi aliyense woyamba: `(*` ndi poyambira ndemanga. Mukafuna kuchulukitsa ngati function muyenera kusiya mipata, `( * )`. Ndipo njira ya ma backtick kulibe. Mayina a zilembo oima pakati ndi okhawo amene chilankhulo chinabwera nawo, monga `mod` ndi `land`.

Scala ya Martin Odersky wa ku yunivesite ya EPFL ku Lausanne inatenga lamulo la chilembo choyamba n'kulisakaniza ndi ma object. `a + b` ndi chidule chabe cha `a.+(b)`. Chowonjezera chake n'chakuti chizindikiro chothera ndi madontho awiri (`:`) chimayambira kumanja ndipo mwini wake ndi chinthu cha kumanja, kotero `x :: xs` ndi `xs.::(x)`. Lamuloli ndi lanzeru koma linabala zinthu zovuta kuwerenga monga `/:`, chimene chinkaimira `foldLeft` mpaka eni ake anachilengeza kuti chisiyidwe pa Scala 2.13. Scala 3 ya mu 2021 inalimbitsako zinthu: dzina la zilembo likafuna kuima pakati liyenera kulembedwa ndi mawu oti `infix`, ndipo amalimbikitsa kupatsa chizindikiro chilichonse dzina lowerengeka kudzera mu `@targetName`.

Scheme ndi Clojure: funsolo kulibe

Banja la Lisp, lochokera kwa John McCarthy mu 1958, silinayankhe funso la mlingo, linangolichotsa. Chilichonse chimaima patsogolo m'mabulaketi.

```
(define (ola+ a b) (modulo (+ a b) 24))
(ola+ (* 2 10) 8)
```

`+` ndi dzina ngati lina lililonse, n'chifukwa chake `ola+` ndi dzina lovomerezeka. Palibe choloweza, palibe chobisika. Poti sichiima pakati, `+` imalandira zinthu zingapo nthawi imodzi: `(+ 1 2 3 4)` ndi 10, `(+)` ndi 0, ndipo `(< 1 2 3)` imafunsa ngati nambalazo zikukwera, chinthu chimene Haskell imakana. Pa muyeso wanga wa wowerenga, njira iyi ikanapambana popanda mpikisano, kupatula kuti masamu ataliatali amalemetsa maso. Lembani `(/ (+ (- b) (sqrt (- (* b b) (* 4 a c)))) (* 2 a))` ndipo muyerekeze ndi mmene mphunzitsi amalembera pa bolodi. Clojure ya Rich Hickey imapeputsako ndi `->` ndi `->>`, zomwe zimagwira ntchito yonga ya `|>`, koma masamu enieni amakhalabe choncho.

Elm ndi Elixir: chitseko chotsekedwa

Elm ya Evan Czaplicki inayamba ndi ufulu wonga wa Haskell, kenaka n'kumaubweza pang'onopang'ono. Ma backtick anachotsedwa pa 0.18 mu 2016, ndipo pa 0.19 mu 2018 anthu wamba analetsedwa kupanga zizindikiro zawo. Zinatsala ndi za chilankhulo ndi zochepa za m'malaibulale a eni ake, monga `|.` ndi `|=` za elm/parser ndi `</>` ya elm/url. Ambiri anakwiya nazo, makamaka poona kuti eni ake anadzisiyira ufulu umene analanda ena, ndipo mkwiyowo ndimaumvetsa. Komabe zoona n'zakuti code ya Elm ya munthu aliyense mumaiwerenga tsiku loyamba. `+%` yathu kumeneko ingakhale `phatikizaMaola 20 8`, basi.

Elixir ya José Valim ili pakatikati. Simungapange chizindikiro chatsopano, koma pali kagulu ka zizindikiro zimene chilankhulo chimazizindikira n'kuzisiya zopanda ntchito, monga `~>`, `<~`, `<~>` ndi `|||`, kuti mutengepo. Mlingo wake ndi woikidwa kale. Choipa chake n'chakuti `~>` sichikukumbutsani za kuphatikiza ngakhale pang'ono, ndipo malaibulale awiri akatenga chizindikiro chimodzi amawombana.

PureScript: dzina liyambe, chizindikiro pambuyo

PureScript ya Phil Freeman ndi mwana wa Haskell amene anakonza chinthu chimodzi chofunika. Chizindikiro sichingakhale ndi tanthauzo lakelake, chiyenera kukhala dzina lachiwiri la function yokhala ndi dzina la mawu.

```
phatikizaMaola :: Int -> Int -> Int
phatikizaMaola a b = (a + b) `mod` 24

infixl 6 phatikizaMaola as +%
```

Taonani zimene mzere womalizawo watseka. Simungaiwale mlingo, chifukwa popanda mzerewo chizindikiro kulibe, ndiye yankho la 36 lija silingabwere mwangozi. Chizindikiro chilichonse chili ndi katchulidwe: `<>` ndi `append`, `<$>` ndi `map`, `>>=` ndi `bind`. Anthu awiri akamakambirana code pa foni ali ndi mawu oti anene, ndipo amene sakonda zizindikiro amangogwiritsa ntchito dzinalo. Mlingo ukadali ku fayilo ina monga mu Haskell, koma theka la vuto lachoka.

Kumapeto ena kwenikweni kuli Agda, imene imalola chizindikiro kukhala ndi mipata ingapo yosonyezedwa ndi timizere tapansi. `_+%_` ndi choima pakati, ndipo ngakhale `if_then_else_` ndi function wamba ya mu laibulale. Kwa olemba maumboni a masamu zimenezi n'zamtengo wapatali, poti code imafanana ndi zolembedwa pa pepala. Malipiro ake ndi oti mipata imakhala lamulo: `a+b` ndi dzina limodzi, `a + b` ndiye kuphatikiza.

Chizindikiro chimodzi, mitundu yambiri

Pali nkhani ina yoyenda limodzi ndi iyi. Kodi `+` yomweyo iphatikize nambala zathunthu ndi za madesimo? OCaml imati ayi: `+` ndi ya zathunthu, `+.` ndi ya madesimo, ndipo `1 + 2.5` imakanidwa. Zimatopetsa pa masamu ambiri, ngakhale pali pothawira, poti laibulale ngati Zarith imakulolani kulemba `Z.(a + b)` kuti m'mabulaketimo `+` ikhale ya nambala zikuluzikulu. Standard ML imalola zizindikiro zake zokha kugwira mitundu ingapo, zanu ayi. Haskell inapeza yankho lokwanira mu type class, njira imene Philip Wadler ndi Stephen Blott anafotokoza mu 1989: `+` ndi ya gulu lotchedwa `Num`, ndipo mtundu uliwonse, ngakhale wopanga inu, ungalowe m'gululo. Apa Haskell ili patsogolo pa OCaml moonekeratu, ndipo zimachepetsa chifukwa chopangira zizindikiro zatsopano. Mutapanga mtundu wa `Ola` n'kuulowetsa mu `Semigroup`, gulu la zinthu zotheka kulumikizidwa ziwiriziwiri, mungagwiritse ntchito `<>` imene aliyense amaidziwa kale, osafunanso `+%`.

Chizindikiro chochotsera chokha chimavutitsa pafupifupi onse, poti chili ndi ntchito ziwiri: kuchotsa ndi kusonyeza nambala yochepera ziro. Mu Haskell `(- 1)` ndi nambala yochepera ziro, si function yochotsa 1, ndiye mumalemba `subtract 1`. Mu Haskell ndi mu OCaml `f -1` imawerengedwa ngati kuchotsa 1 ku `f`, ndipo muyenera kulemba `f (-1)`. Standard ML inazemba zonsezi popatsa ntchito yachiwiriyo chizindikiro china, `~5`, chooneka chachilendo koma chosasokoneza.

Ndiye musankhe iti?

Palibe amene amasankha chilankhulo chifukwa cha zizindikiro zokha, koma nkhaniyi imakhudza mmene gulu lidzagwirire ntchito. Ngati mukuphunzitsa oyamba kumene, Scheme kapena Elm zimachotsa chopunthwitsa ichi kuti maganizo akhale pa ma function enieniwo. Ngati muli gulu limene anthu amalowa ndi kutuluka, ndipo code imawerengedwa ndi amene sanailembe, lamulo la OCaml ndi F# ndilo ndingalimbikitse, chifukwa mlendo akaloweza mndandanda umodzi uja sadaliranso chikumbumtima cha mlembi. Haskell ndi Agda zimayenera ntchito imene zizindikiro zake ndi chilankhulo cha ntchitoyo, monga masamu kapena kulemba ma parser (mapulogalamu owerenga zolembedwa n'kuzigawa m'magawo), kumene `<|>` ndi `<*>` zimabwera mzere uliwonse ndipo kuzilemba ndi mawu kungakwirire tanthauzo.

Amene ali kale mu Haskell angabwereke mwambo wa ena popanda kusintha chilankhulo. Lembani function ya dzina kaye monga amachitira a PureScript, chizindikiro chikhale dzina lake lachiwiri. Ikani mzere wa `infixl` kapena `infixr` pamwamba pake nthawi zonse. Posankha maonekedwe tsatirani OCaml: choyamba ndi `+` chipatseni 6, choyamba ndi `*` chipatseni 7, kuti diso la wowerenga lisanamizidwe. Ndipo musanapange chatsopano, yang'anani ngati ntchitoyo imandondozana kawirikawiri, monga `a +% b +% c +% d`. Ngati imangobwera kamodzi apa ndi apo, ``a `phatikizaMaola` b`` ikukwanira.